Nsomba Zingati M'madzi Ocepa? Mbiri ya Kuweta Nsomba

Munthu woweta mbuzi adziwa kukula kwa khola lace, ndipo mai wophika sabvundula nsima ya anthu khumi mu mphika wa anthu awiri. Koma pa nkhani ya nsomba ambiri a ife tiyesa kuti pali madzi pali malo, ndi kuti nsomba ikangomira m'madzi yapeza zonse zofunika. Ife a kuno ku Chipasula, mu mzinda wa Lilongwe, tikhala kutari ndi nyanja, ndipo usipa ndi matemba tiziona zouma pa msika. Komabe ngakhale kuno ana agwira tinsomba m'mifuleni nyengo ya dzinja, natiika m'botolo, ndipo kukaca atipeza titayandama cagada. M'mahotela ndi m'maofesi ena a m'tauni muli mabokosi a galasi mosambira nsomba zamaanga-maanga. Ndiponso kumidzi abale athu ambiri akumba maiwe m'madambo, nagula mbeu ya nsomba ndi ndalama za mtedza kapena za fodya. Mwana wa botolo, mwini bokosi, ndi mlimi wa dziwe, onsewa funso lao ndi limodzi: kodi madzi awa angasunge nsomba zingati? Funso limeneli liri ndi mbiri yace ya zaka pafupifupi 200, ndipo tifuna kuilongosola pano kuyambira pa ciyambi.

Oyamba kusunga za m'nyanja ya mcere

Nyanja yaikuru imene iri ku Beira ndi ku Nacala ambiri a ife sitinaione. Madzi ace samweka, pakuti mu lita imodzi muli mcere wolemera magalamu 35. Ndiko kunena kuti mukaphitsa cidebe ca malita 20 kufikira madzi onse aphwa, pansi padzatsala mcere wa magalamu 700. Zamoyo za m'madzi otere ndizo zinayamba kuphunzitsa anthu kuwerenga nsomba.

M'caka ca 1832 mai wina wa ku France, dzina lace Jeanne Villepreux-Power, analikukhala ku Messina pa cisumbu ca Sicily. Pa ubwana wace anali wosoka zobvala, koma atakwatiwa anaika mtima pa kupenya zamoyo za m'nyanja. Iye anafuna kudziwa ngati kanyama kena kochedwa Argonauta kadzipangira kokha cigoba cace, kapena kangolanda ca cinzace. Tsono anapangitsa mabokosi a galasi, ndi ena a matabwa omiza m'nyanja momwemo, naikamo tinyamato, napenya masiku ambiri, napeza kuti cigobaco kaumba kokha. Koma mai ameneyu anali ndi mwai, popeza nyanja inali pa khomo pace, ndipo madzi atsopano sanali kusowa.

Bvuto leni-leni linaoneka pamene anthu anayesa kutengera nyanja kumtunda. M'caka ca 1846 Anna Thynne, mkazi wa mbusa wa ku Westminster Abbey mu London, anatola pa gombe la Torquay tizirombo tomanga miyala, tooneka ngati maluwa, napita nato kwao. Ku London madzi a mcere anali ocita kuitanitsa kucokera ku gombe, motero sanakhoze kuwasintha masiku onse. Pamenepo anapeza nzeru iyi: wanchito wace anaimirira pa zenera lotsegula, natsanulira madziwo kucokera mu mtsuko wina kunka mu unzace, kubwereza-bwereza monga theka la ora kapena kuposerapo. Madzi otsanulidwa cotero anayamwa mpweya, ndipo tizirombo tija tinakhala ndi moyo zaka zoposa zitatu. Apa panaoneka cinthu coyamba: camoyo ca m'madzi cipuma, ndipo mpweya wa m'madzi ukhoza kutha.

M'caka ca 1850 Robert Warington, katswiri wa zosakaniza mankhwala wa mu London momwemo, anafotokozera anzace cimene anayesa. Anathira madzi opanda mcere mu mtsuko waukuru wa galasi wa magaloni 12, ndiwo malita 54; anabzalamo udzu wa m'madzi, naikamo nsomba zofiira zazing'ono. Masamba akale a udzu uja atayamba kubvunda, madzi anada. Koma ataonjezamo nkhono zowerengeka, nkhonozo zinadya zobvundazo, ndipo madzi anayeranso, nakhala bwino nthawi yaitari osasinthidwa. Iye anaonetsa kuti udzu ukalandira kuunika uturutsa mpweya umene nsomba zipuma, ndipo umene nsomba zipumira kunja udzu uudya. Tiyeni tisunge ciwerengero cace, owerenga athu: mu mtsuko wa zidebe pafupifupi zitatu Warington anaikamo nsomba ziwiri zokha.

M'caka ca 1853 anatsegula nyumba ya nsomba ku malo osungirako nyama a ku Regent's Park mu London, ndipo anthu anakhamukira komweko kukaona za pansi pa nyanja. Zambiri za zamoyozo anatola ndiye Philip Henry Gosse, amene m'caka ca 1854 anasindikiza buku lochedwa The Aquarium. Ndipo dzina limenelo la aquarium lamamatira bokosi la galasi kufikira lero. Masiku amenewo galasi linali litatsika mtengo, pakuti msonkho wace unacotsedwa mu 1845, ndiponso sitima za pamtunda zinali kufikitsa anthu ku gombe mosabvuta. Cotero mabanja ambiri a ku England anagula mabokosi. Koma munthu pofika ku gombe anaona ici cakoma, ico cakomanso, nadzaza mtsuko wace ndi zonse anazipeza. Olemba mabuku a masiku aja anacenjeza za kudzaza bokosi, koma ambiri sanamvera. Camoyo cimodzi cikafa kuseri kwa mwala, madzi onse anabvunda, zinzace nazo nkufa, ndi pfungo linadzaza nyumba. Patapita zaka ngati khumi cidwi cija cinazirala, ndipo mabokosi ambiri anatayidwa.

Cimene cipha nsomba

Anthu aja anadziwa za mpweya, koma panali cina cobisika cimene sanacizindikira. Nsomba iri yonse ituruza m'thupi mwace ululu wochedwa amoniya, umene ndiwo ununkha moswa mphuno m'khola la nkhuku losasesa. M'nyanja yaikuru ululu umenewu umwazika, koma m'bokosi ulibe kopita. M'caka ca 1890 Sergei Winogradsky, wophunzira wa ku Russia amene anali kugwira nchito ku Zurich, anaonetsa kuti kuli tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso timene tidya amoniya. Mtundu umodzi uusandutsa ululu wina, ndipo mtundu waciwiri usandutsa umenewonso cinthu cosaopsya kweni-kweni, cimene zomera zidya monga manyowa. Tizirombo timeneti tikhala pa miyala ndi pa mcenga, ndipo m'bokosi latsopano ticuruka pang'ono-pang'ono, masabata 4 kufikira 6. Munthu woika nsomba zonse tsiku loyamba aziika m'madzi opanda wozisesera, ndipo zimwa zonyansa zao zomwe.

Tsono tiona kuti malire a madzi ali pawiri: mpweya wolowa, ndi ululu woturuka. Pa zonse ziwirizi madzi a mcere ndiwo ouma mtima. Asunga mpweya wocepa ndi gawo limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi madzi akumwa. Ndiponso m'madzi a nyanja ya mcere amoniya aluma koposa. Madzi akafunda mpweya ucepanso, ndipo pa malo okwera monga Lilongwe, amene ali mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja ya mcere, ucepa ndi gawo lina ngati limodzi mwa magawo 8.

Ciwerengero ca bokosi laling'ono

M'zaka za m'ma 1900 kunadza timakina ta magetsi topopera mpweya ndi tosefa madzi, ndipo m'zaka za m'ma 1960 mcere wosakaniza kale, wofanana ndi wa m'nyanja, unayamba kugulidwa m'masitolo. Pamenepo munthu wokhala kutari ndi gombe anakhoza kudzipangira madzi a nyanja m'nyumba mwace. Oweta nsomba anapangana muyeso wosabvuta kukumbukira. M'madzi opanda mcere anati inchi imodzi ya utali wa nsomba pa galoni imodzi; koma m'madzi a mcere ocenjera anati inchi imodzi pa magaloni 5. Pa miyeso yathu, ndiko kuti cidebe cathunthu ca malita 20, conga cimene amai a ku Kawale ndi ku Biwi atungira madzi pa mpopi, cikwanira inchi imodzi yokha ya nsomba. Bokosi la zidebe 4, malita 80, lisunga tinsomba tiwiri tosaposa cala.

Ngakhale muyeso umenewu uli ndi misampha yace. Woyamba ndi uwu: nsomba ikatalika kawiri, kulemera kwace kucuruka ka 8, ndi kudya kwace ndi zonyansa zace zicuruka nako, motero nsomba imodzi ya mainchi 4 siilingana ndi ziwiri za mainchi 2. Waciwiri, tiyenera kuwerenga msinkhu umene nsomba idzafika itakula, si umene iri nao tsiku logula ai. Wacitatu, miyala ndi mcenga zilanda malo, kotero kuti bokosi lolembedwa malita 80 lingakhale ndi madzi a malita 65 okha. Wacinai, mpweya ulowera pamwamba pa madzi. Cifukwa cace cotengera cotambalala ciposa cakuya ca kukamwa kopapatiza, ngakhale madzi ace alingane, ndipo ici ndico cipha tinsomba ta m'botolo. Ndiponso kuno kwathu magetsi nthawi zina azima maora ambiri, ndipo kakina kopopa mpweya kakaima, bokosi lodzaza liyamba kufa msanga, pamene la nsomba zocepa lipirira kufikira magetsi ayaka.

Bokosi laling'ono liri ndi coopsya cina cimene lalikuru liribe. Madzi auluka ndi kutentha, koma mcere suuluka. Mu bokosi la malita 40, akaphwa malita 4, mcere wotsala uwawa koposa ndi gawo limodzi mwa magawo 9. Cifukwa cace woweta abwezeramo madzi opanda mcere, si a mcere ai. Cinthu cimeneci ife tiribe cifukwa cakuciphunzira kwa Azungu, pakuti m'dziko lathu lomwe muli nyanja imene iticitira cionetsero cace.

Nyanja ya Chilwa

Mu April 1859 David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa, kum'mawa kwa phiri la Zomba, napeza madzi ace ali owawa pang'ono. Cifukwa cace ndi cakuti mitsinje monga Domasi, Likangala ndi Phalombe ithira m'nyanjamo, koma palibe mtsinje woturuka. Madzi acoka ndi dzuwa lokha, ndi mcere utsala. Nyanjayi ndi yosaya, ndipo nsomba zace zazikuru ndi za mitundu itatu: matemba, makumba ndi mlamba. Zaka za mvula yabwino ibala nsomba zambiri, ndipo matemba ace afika ndi ku misika ya kuno ku Lilongwe. Koma pakadza cirala ca zaka zotsatana, madzi abwerera, afunda, mcere ukula, mpweya ucepa, ndipo nsomba zounjikana m'madzi ocepawo zifa zosawerengeka. Izi zinacitika mu 1968, pamene nyanja inaphwa. Zinacitikanso mu 1995, ndiponso mu 2018 mbali yaikuru inasanduka matope ong'aluka. Nsomba zopulumuka ndizo zinathawira m'mathamanda a m'mitsinje ndi m'madambo a m'mbali, ndipo mvula itabwera zinabalana ndi kudzazanso nyanja. Tsono ngati nyanja yathunthu siikhoza kusunga nsomba zace madzi akacepa, nanga bokosi la zidebe ziwiri?

Mbuna za m'nyanja yathu yaikuru

Mu September wa caka comweco ca 1859 Livingstone anafika pa nyanja yaikuru imene lero tiicha Malawi, ya madzi okoma opanda mcere. Kirk anasonkhanitsa nsomba zina za m'menemo, ndipo Albert Günther wa ku British Museum anazilemba maina mu 1864. Mwa izo munali cambo. Mu 1935 Ethelwynn Trewavas anandandalika mitundu yambiri ya nsomba za m'nyanjayi, ndipo lero ophunzira awerenga mitundu yoposa 700, imene yocuruka siipezeka kwina kuli konse pa dziko lapansi. M'zaka za m'ma 1950 Geoffrey Fryer anakhala ku Nkhata Bay, napenya tinsomba ta m'miyala timene Atonga aticha mbuna, ndipo zolemba zace za 1959 zinamveketsa dzinalo kunja.

Mbuna asodzi sanali kuziwerengera, pakuti nzazing'ono ndi zobvuta kukoka m'miyala. Koma maanga ao, obiriwira ngati thambo, acikasu, ena amizere-mizere, alingana ndi a nsomba za m'nyanja ya mcere. Ndipo Azungu amene anaopa mabvuto a madzi a mcere anakondwa kupeza nsomba zokongola zosafuna mcere. M'zaka za m'ma 1960 malonda anayamba, makamaka ku Cape Maclear. Ndipo kuyambira 1973 Stuart Grant anakhazika nchito yace ku Salima, pafupi ndi Senga Bay, naigwira kufikira imfa yace mu 2007. Anyamata a kunyanja anaphunzira kumira ndi mabotolo a mpweya ndi kugwira nsomba zamoyo ndi maukonde. Za m'madzi akuya anazikweza pang'ono-pang'ono m'migolo masiku angapo, pakuti kuzikweza tsiku limodzi kukanatupitsa mimba zao. Asanazitumize anazimana cakudya, kuti zingaipitse madzi pa njira. Naziika m'matumba a pulasitiki, madzi pang'ono pansi ndi mpweya wambiri pamwamba, ciwerengero cace coyesedwa bwino. Ndipo zinadza ndi galimoto ku Lilongwe kukakwera ndege.

Mbuna zinaphunzitsa oweta cinthu cina cacilendo. Yamphongo isankha mwala wace niulonda, ndipo m'bokosi mukakhala ziwiri kapena zitatu zokha, yamphamvu ipirikitsa yofoka kufikira kuipha. Tsono oweta anaona kuti akaika zambiri, ukali umwazika, pakuti yolusa siidziwa yoti iyambe nayo. Ndipo yamphongo imodzi aipatsa zazikazi zitatu kapena zinai. Koma ici acita okhawo ali ndi bokosi lalikuru, sefa yamphamvu, ndi khama lakusintha gawo la madzi sabata ndi sabata. Malire a mpweya ndi a ululu sanasunthe; munthu angolipira ndi nchito yoonjeza.

Malonda amenewa anasiyanso cipsyera. M'zaka za m'ma 1960 nsomba zogwidwa kumpoto kwa nyanja zinatayidwa pa cisumbu ca Thumbi West, pafupi ndi Cape Maclear. Zinabalana komweko, nizilimbirana miyala ndi eni malo, ndipo mtundu wina unasakanizika ndi mbuna za pamenepo. Mu 1980 Boma linapatula dera limenelo likhale Lake Malawi National Park, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaliwerenga pakati pa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi.

Maiwe a kumudzi

Tifike tsopano pa cimene cikhudza ambiri a inu. Nsomba zoyamba kuwetedwa m'dziko muno zinali za kunja, zimene Azungu anathira m'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba mu 1906, kuti aziwedza pocezera. Kuweta nsomba zathu m'maiwe kunayamba m'zaka za m'ma 1950, ku Nchenachena m'dziko la Rumphi ndi ku Domasi, ndipo pambuyo pace sukulu ya zaulimi ya ku Bunda, kumwera kwa Lilongwe, inayamba kuphunzitsa nchitoyi. Nsomba zoikidwa m'maiwe ndizo makumba, cilunguni, cambo ndi mlamba.

Alangizi anena kuti dziwe lodyetsedwa gaga ndi manyowa lilandire nsomba 2 kapena 3 pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Dziwe la mamita 20 ndi 10 litenga nsomba 400 kufikira 600. Mlimi wina aganiza kuti akaika 2,000 adzakolola zocuruka kanai. Koma cakudya ca m'dziwe nciomweco, ndipo pakutha miyezi 6 akolola tinsomba tokwinimbira tosagulika pa mtengo wabwino, ndalama ya mbeu itapita. Ndiponso wowerenga bwino poyamba asaiwale kuti makumba aswana ali ang'ono. Dziwe limene munaika 600 likhoza kukhala ndi zikwi zingapo pakutha caka, ngati simupatula ana ndi kuwagulitsa kapena kuwaika m'dziwe lina. Akuru anati mbewa zikacuruka siziika masa.

Cizindikilo ca dziwe lodzaza cioneka mbanda kuca. Usana ndere zobiriwira za m'madzi zituruza mpweya, monga anaonetsa Warington. Koma usiku zileka, nizipuma pamodzi ndi nsomba, kotero kuti mpweya ucepetsetsa dzuwa lisanaturuke, makamaka m'miyezi yotentha ya October ndi November. Mukapita ku dziwe tambala atalira, ndi kupeza nsomba zonse ziri pamwamba, kukamwa yasa-yasa, dziwani kuti madzi alemedwa. Lekani kuthira manyowa ndi gaga tsiku limenelo, lowetsani madzi atsopano, ndipo mupungule nsomba zina.

Tsono, abale, amene mufuna kuyamba nchito iyi, kaya ndi bokosi kaya ndi dziwe, yambani mwayesa madzi anu ndi cidebe kapena ndi cingwe, musanagule nsomba ndi imodzi yomwe. Funsani wogulitsa msinkhu umene nsombayo ifika itakula. M'bokosi latsopano dikirani masabata 6, ndipo muike imodzi kapena ziwiri, ndi kudikiranso musanaonjeze. Kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo mukakaika pakati pa ziwerengero ziwiri, tengani cocepaco, pakuti kuonjeza nsomba mwezi wa mawa nkosabvuta, koma zimene zafa usiku umodzi palibe wozibweza.